Kani boycott linali dzina la munthu

Sabata yatha tinali ndi msonkhano wa kalabu yathu ya alimi a kachewere kuno kufupi ndi Lizulu, kukuzizira koopsa aliyense manja ali mkhwapa, ndipo nkhani inali yomweyija ya chaka ndi chaka. Mavenda akubwera ndi malole awo kuchokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, matumba awo aja osokerera mutu pamwamba moti thumba limodzi limameza mbatata ya thumba ndi theka, koma mtengo akunena okha, iwe mwini munda ungoti zikomo bwana. Feteleza tinagula modula, Dithane wopopera chiwawu tinagula modula, aganyu okumba akufuna zawo, nde anthu mitima inali mmwamba ndithu. Mnyamata wina amene analemba Fomu 4 chaka chatha anaimirira nkuti akuluakulu, apa tingopanga boycott basi, asagulitse munthu.

Malume anga anali pambali panga pa benchi, anandigwira pa bondo nkundifunsa chapansipansi kuti iwe mphwanga, boikotiyo nde chani? Ndinati ndi kunyanyala malume. Iwo akuti nanga si sitalaka imeneyo, ngati ija amachita aphunzitsi? Ndinati ayi zimasiyanako, koma kusiyana kwake sindinakufotokoze bwino pamenepo chifukwa msonkhano unali mkati. Funsolo linandikhala pamtima mpaka madzulo. Nditafika kunyumba ndinagula bandulo, nkukhala pa khonde pomwe netiweki imagwirako, ndipo zomwe ndinawerenga usiku umenewo zinandigoneka mochedwa.

Mawu amenewa si mawu wamba ayi, ndi dzina la munthu. Captain Charles Boycott, Mngelezi wobadwa mu 1832 ku Norfolk, anakhalako msilikali kenako nkukhazikika ku Ireland. Kumeneko anapeza ntchito yoyang'anira malo a mwini minda wina wolemera dzina lake Lord Erne, m'boma la Mayo kumadzulo kwa dzikolo, pafupi ndi nyanja yotchedwa Lough Mask ndi katawuni ka Ballinrobe. Mwini maloyo ankakhala kwina, amene ankakumana ndi alimi maso ndi maso anali Boycott, wotolera lendi ndi iye, wothamangitsa olephera kulipira ndi iye. Kwathu kuno tikanati kapitawo wamkulu wa pa esiteti.

Alimi a ku Ireland nthawi imeneyo ambiri analibe minda yawoyawo, ankachita lendi kwa eni malo, ndipo chakudya chawo chenicheni ngati mmene ilili nsima kwa ife chinali mbatata yomweyi ya kachewere imene timalima kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza, ija m'tauni amaitcha kuti Irish. Mbatatayi kwawo kwenikweni ndi ku mapiri a Andes ku South America, koma dzina linamatirira ku Ireland chifukwa cha mmene anthu akumeneko anaidalirira. Kuyambira 1845 chiwawu chinagwa m'minda mwawo zaka zotsatizana, mbatata nkumaolera pansi, anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa ndi njala ndi matenda ndipo enanso ochuluka chomwecho anathawira maiko ena. Nditawerenga pamenepa ndinaika foni pansi kaye. Chiwawu ine ndimachidziwa, ndinaonapo munda wobiriwira bwinobwino ukusanduka wakuda mkati mwa masiku ochepa mvula ikamawaza ndi nkhungu, koma ife timakhala ndi chimanga m'nkhokwe choti tithawireko. Iwo analibe.

Nde pofika 1879 zokolola zinavutanso kumadzulo kwa Ireland, anthu okumbukira njala ija anali akadali moyo, mantha anali ponseponse. Chaka chomwecho kunayamba bungwe lomenyera ufulu wa alimi a lendi lotchedwa Land League, woyambitsa anali Michael Davitt, mwana wa ku Mayo komweko amene banja lawo linathamangitsidwa pa malo iye ali mwana, ndipo mtsogoleri wake anali wandale Charles Stewart Parnell. Pa 19 Sepitembala 1880 Parnell anachititsa msonkhano m'tauni ya Ennis, nkufunsa khamulo kuti munthu amene walowa m'munda womwe mnzake wathamangitsidwamo timutani. Anthu ena anakuwa kuti aphedwe. Iye anakana, anati pali njira ina yabwino kuposa imeneyo, munthu wotereyo mumusale, mukakumana naye pa msewu, ku sitolo, ku msika ngakhale ku tchalitchi komwe musamuyandikire, akhale yekhayekha ngati wakhate wa masiku akale.

Sipanadutse sabata njira imeneyi inagwera pa Boycott. Alimi a pa malo a Lord Erne anapempha kuti lendi itsike ndi 25 peresenti poti zokolola zinali zochepa, mwini malo anangolola 10, ndipo Boycott anakatenga makalata othamangitsira mabanja 11. Munthu wopereka makalatawo atapita ndi apolisi pa 22 Sepitembala, azimayi a m'deralo anawatchingira njira nkuwagenda ndi miyala, matope ndi ndowe mpaka anabwerera. Kenako zinthu zinangoti zii pakhomo pa Boycott. Antchito a kumunda anachoka, oweta ziweto anachoka, a m'nyumba anachoka. Masitolo a ku Ballinrobe anakana kumugulitsa chilichonse ngakhale ndalama ali nazo m'manja. Wosula zitsulo anasiya kumugwirira ntchito, mayi womuchapira zovala anasiya, makalata ake amasowa womubweretsera. Mbatata ndi mbewu zina zili kumunda zikudikira kukumbidwa, nyengo yozizira ikuyandikira, wokumba palibe.

Apa mpamene ndinazindikira kuti chinthuchi ine ndimachidziwa kalekale, chisanabwere ndi dzina lachingerezi. Ndili wamng'ono kumudzi kwathu kunali bambo wina wopeza bwino ndithu, ngolo anali nayo, ng'ombe zinalipo, koma pa maliro a anzake samaoneka. Uthenga ukamveka iye akukwera njinga akuti kuli zochita ku boma, ufa wa chipepeso kunyumba kwake sumatuluka, khasu kumanda sanagwirepo. Anthu samayankhula kanthu, amangoona. Tsiku lina zovuta zinagwa pakhomo pake. Adzukulu anabwera inde, koma anangokhala pansi pa mtengo makasu ali pambali, azimayi anabwera nkukhala chapatali osasonkha moto, nyimbo osamveka. Palibe anamutukwana, palibe anamuloza chala. Dzuwa linafika pamutu manda asanayambe kukumbidwa, mpaka bamboyo anapita kwa a nyakwawa kukagwada nkupereka mbuzi, mpamene adzukulu anaimirira. Ine chomwe ndimakumbukira kwambiri si mbuziyo, ndi nkhope ya mkazi wake atakhala m'nyumba ya siwa ndi abale ake awiri okha, akusuzumira pakhomo kuti kodi anthu alowa liti. Mayi ameneyo pa maliro a anthu ankapita mwakabisira mwamuna wake akachoka, aliyense ankadziwa, komabe tsiku limenelo chilango chinamugwera iyenso.

Nchifukwa chake mawu amenewa sindikuwaonanso opepuka ngati mmene timawaponyera pa WhatsApp, tiboikote ichi tiboikote icho. Ndi chida cha anthu opanda mphamvu inde, ndipo ine mtima wanga uli ndi alimi a ku Mayo aja chifukwa munthu sungamutulutse m'nyumba ndi ana chaka cha njala chifukwa cha lendi, koma chidachi chimapweteka ndipo sichisankha bwino. Ku Mayo komweko si onse anachoka mwakufuna kwawo, ena anachita kuopsezedwa. Boycott analemba kalata ku nyuzipepala ya The Times ya ku London mu Okutobala 1880 kudandaula kuti wosula zitsulo uja analandira kalata yomuopseza kuti aphedwa akapitiriza, ndipo kamnyamata ka zaka 12 kamene kankamunyamulira makalata kanamenyedwa. Kamwana kameneko kanalakwa chani? Zimenezi nazonso ndi mbali ya mawuwa, tisamangotenga kokoma kokha.

Kalata ija inautsa mapiri pachigwa. Anthu ku England ndi kumpoto kwa Ireland anasonkha ndalama zoti amuthandize, ndipo mu Novembala kunabwera amuna 50 ochokera ku Cavan ndi Monaghan kudzamukololera, akuperekezedwa ndi asilikali ndi apolisi pafupifupi 1,000. Tangoganizani, anthu 50 akukumba mbatata ndi kuzula matanaposi, chikwi cha asilikali chili chilili kuwalondera, mvula ikugwa, atolankhani ochokera maiko akutali akulemba. Zimawerengedwa kuti zonsezi zinadya mapaundi pafupifupi 10,000 pofuna kupulumutsa mbewu za mapaundi ngati 500. Mlimi aliyense masamu amenewo awamva. Mbewu zinakololedwa koma munthuyo sakanathanso kukhala pamenepo, kumapeto kwa Novembala anachoka pa Lough Mask pa ngolo ya asilikali, ndipo pa 1 Disembala 1880 anatuluka mu Ireland. Anadzamwalira ku England mu 1897. Chaka chotsatira chipwirikiti chija, mu 1881, nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo la malo limene linapatsa alimi a ku Ireland lendi yoyenera yogamulidwa ndi khoti, chitetezo choti asamathamangitsidwe chisawawa ngati akulipira, ndi ufulu wogulitsa lendi yawoyo kwa wina.

Nanga dzina linasanduka bwanji mawu? Apa mpondisangalatsa kwambiri. Mtolankhani wa ku America, James Redpath, amene anali m'deralo nthawi imeneyo, anadzafotokoza kuti ankacheza ndi wansembe wa kumeneko Bambo John O'Malley, akusowa mawu oti atchulire zomwe zikuchitikazo. Mawu achingerezi analipo kale, ostracism, koma Redpath anaona kuti alimi wamba sangawamve, ndi mawu a m'mabuku, nde wansembeyo anavomereza nkuti bwanji tingoti to boycott him. Basi. Chaka chisanathe nyuzipepala zinali zikulemba kale mawuwa ngati mneni, poyamba ndi B wamkulu poti ndi dzina, kenako pang'onopang'ono b wamng'ono, munthu uja nkuzimiririka mawu nkutsala. Wansembeyo ankawadziwa anthu ake, ngati mmene malume anga sangamve ostracism koma ukawauza kuti timuchite zija tinamuchita bambo wa ngolo uja amva pompo.

Ostracism yo nayo ndinaitsata pang'ono poti bandulo inali ikadalipo. Imachokera ku Chigiriki, ostrakon, kutanthauza phale, chibenthu cha mphika wosweka. Ku Athens wakale anthu ankalemba pa phale dzina la munthu amene akumuona kuti ndi woopsa mumzinda, mapalewo nkuwerengedwa, ndipo wochulukiridwa mavoti ankachoka mumzinda zaka 10. Phale lomweli timakazingira chimanga ndi nsawawa.

Ndipo mawuwa sanathere m'Chingerezi. Afalansa amati boycotter, Ajeremani amati boykottieren, ndipo achibale athu a tsidya la msewu, poti pano pa Lizulu ukangodumpha M1 uli kale ku Mozambique, mu Chipwitikizi chawo amati boicote ndi boicotar. Dzina la kapitawo wa ku Mayo likutchulidwa ku Angonia. Ifenso tili nazo zotere ngakhale sitiziganizira, chiperoni chimene chimatizizira ndi kamvula kowaza kaja dzina lake ndi la phiri la Chiperone ku Mozambique, ndipo pa okala mankhwala otsukira mano aliwonse timangoti Colgate. Komanso thangata, mawu abwinobwino otanthauza kuthandizana, azungu a m'maesiteti a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu anawasandutsa ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, mpaka kukhala chimodzi mwa zinthu zimene zinamuwawa John Chilembwe pofika 1915. Agogo athu a kum'mwera ndi alimi a ku Mayo bwenzi atamvana popanda womasulira.

Tsopano funso la malume lija, sitalaka ndi boycott. Ife pa Chichewa zonse timangoti kunyanyala, kunyanyala ntchito, kunyanyala chisankho, kunyanyala zokambirana, ngakhale mwana akakana nsima chifukwa chokwiya timati wanyanyala. Chingerezi chimagawa. Strike, yomwe ife tinaisandutsa sitalaka, ndi ya antchito kuika zida pansi pofuna kuti owalemba ntchito awamvere. Boycott ndi yotambalala, ndi gulu la anthu kugwirizana kuti sitigula kwa uyu, sitigulitsa kwa uyu, sitikwera basi yake, sitipita ku msonkhano wake, mpaka asinthe. Sufunika kukhala wantchito wake. Zomwe zinamuonekera Boycott mwiniwake zinali ziwiri zonse pamodzi, antchito ananyanyala ntchito ndipo mudzi wonse unamusala. Ine ndikuona kuti kunyanyala kokha sikukwana kumasulira mawuwa, chifukwa kunyanyala ungathe wekha, pamene boycott ili ndi kusala mkati mwake komanso kumangana chimodzi. Munthu mmodzi ukasiya kugula pa golosale ina chifukwa mwini wake anakuyankha mwamwano, pa Chingerezi ungathe kunena kuti ukuiboikota inde, koma mwini golosale sangazindikire nkomwe.

Kwa ana a sukulu amene mukuwerenga, kagwiritsidwe kake nkosavuta koma pali pamene ambiri timapunthwa. Mawuwa amagwira ngati mneni komanso ngati dzina. Ngati mneni safuna kamawu kena pakati, umangoti the farmers boycotted the market, osati boycotted from the market ngati mmene ndimamvera ena akunenera, from ameneyo amabwera chifukwa m'mutu tikuganiza za kuchoka pamalo. Ngati dzina mpamene pamabwera of, a boycott of the market. Ma t ndi awiri nthawi zonse, boycott, boycotted, boycotting, poti ndi mmene dzina la munthuyo linkalembedwera. Ndipo chinthu chimene boma laletsa ndi lamulo kuti chisalowe kapena kutuluka m'dziko sitimati boycott, pamenepo pali mawu ena monga ban ndi embargo, boycott ndi ya anthu kusankha okha kubweza manja awo.

Imene anthu ambiri amaidziwa ndi ya mabasi ku Montgomery ku America, itayamba pa 5 Disembala 1955 mayi wachikuda Rosa Parks atamangidwa chifukwa chokana kusiyira mzungu mpando, anthu akuda anayenda wapansi masiku 381 osakwera basi. Koma imene inandikhudza ine ndi ya ku South Africa mu 1959, pamene a chipani cha ANC cholimbana ndi tsankho ndi anzawo anauza anthu kuti asadye mbatata ya kachewere chifukwa cha nkhanza zimene antchito ankaona m'minda ya mbatata ku dera la Bethal, komwe anthu akuda omangidwa pa milandu ya mapasi, ziphaso zimene ankakakamizidwa kuyenda nazo, ankatumizidwa kukagwira ntchito ngati akapolo. Anthu anasiyadi kugula, ngakhale tchipisi, mbatata nkumaunjikana m'misika. Mbewu yomweyi imene ndimaipalira ineyo yapezeka kawiri m'mbiri ya mawu amenewa.

M'mawa mwake ndinapita kwa malume, ndinawapeza akusankha mbewu pa khonde, ndinakhala pansi nkuwafotokozera zonse kuyambira pa njala ya chiwawu mpaka asilikali 1,000 aja. Anamvetsera osandidula, manja akugwirabe ntchito. Nditamaliza anandifunsa chinthu chimodzi, kuti pa masitolo onse a m'katawuni kaja panalibe ngakhale mmodzi amene ankamugulitsa usiku mobisa? Ndinati zomwe zinalembedwa ndi zoti anafika pomatenga katundu kutali kudzera pa nyanja chifukwa pafupi panalibe womugulitsa. Anagwedeza mutu nkuti nde pamenepo mpamene pagona nkhani mphwanga, ife kuno tikagwirizana masana kuti asagulitse munthu, usiku lole imaima kuseli kwa tchalitchi matumba nkumakwera, ndipo wogulitsayo sungamudzudzule kwambiri chifukwa mwana wake wathamangitsidwa fizi, kapena ngongole ya banki mkhonde yakwana tsiku, nayo mbatata ukaikumba siyidikira ngati chimanga, imayamba kubiriwira ndi kuphuka. Komanso ife a kalabu imodzi tikakana, venda angopita ku Tsangano kapena ku Bembeke kapena kungodumpha msewu, mbatata aipeza.

Zimenezo ndi zoona ndipo zinandiwawa kumva. Alimi a ku Mayo anali osauka kutiposa ife, koma anali ndi bungwe lofika midzi yambiri, anali ndi wansembe wawo kumbali yawo, ndipo amene ankamukana anali munthu mmodzi wodziwika nyumba yake. Ife mavenda ndi ambirimbiri, ena ndi ana athu omwe, ndipo ena mwa iwo nawonso amangodyera pang'ono pamwamba akachotsa ya lole ndi ziphaso za m'misika. Ine sindikufuna kuti tisale munthu, ndinaiona nkhope ya mayi uja m'nyumba ya siwa. Chimene ndikufuna tikane tonse ndi thumba losokerera mutu lija, tizigulitsa pa sikelo kapena pa thumba la muyezo umodzi, zimenezo ngakhale wofuna fizi mawa angathe kuzikwanitsa chifukwa sitikumuletsa kugulitsa.

Malume anati zimenezo ukazinene wekha pa msonkhano Lachinayi, ndipo ufotokozenso za mzungu uja kuti anthu amve kuti mawu amene mnyamata uja anatchula ali ndi mwini wake. Anandituma kuti ndidutsire kwa a tcheyamani ndiwauze aitanenso makalabu awiri a kutsidya kwa dambo, nkundipatsa kachewere wodzadza chipewa kuti ndikawapatse ana.